MAPHUNZIRO A NTHAKA NDI MADZI: KODI NDI CUMA CANU KAPENA NDI NGONGOLE?

Acinyamata anzanga, m'magulu athu timakonda kufunsana kuti, "Kodi ufuna kudzakhala ndani ukatsiriza sukulu?" Wina amati namwino, wina mphunzitsi, wina loya. Ndi funso labwino ndithu. Koma pali lina limene sitifunsana kawirikawiri: kodi munthu akaphunzira mpaka pamwamba, maphunzirowo amakhala a yani? Kodi ndi ake yekha, monga njinga imene anagula ndi ndalama zake, kapena alipo ena amene ali ndi gawo pa iwo?

Tiyeni tiliyese funsoli pa maphunziro amodzi amene amatikhudza kwambiri ife a kuno kwa Mphamba ndi Lundazi yense, ndiwo maphunziro a kasamalidwe ka nthaka ndi madzi. Ena mwa inu muli ku koleji, ena mwatenga kale digiri yoyamba ndipo mukuganizira yaciwiri, imene pa Cingerezi amati Masters. Ena simunafikeko, koma muli ndi mkulu wanu kapena mlongo wanu amene ali pa njira imeneyi. Nkhaniyi ndi ya tonse, pakuti palibe mmodzi wa ife amene sadya za m'nthaka kapena kumwa madzi.

Kodi amaphunzira ciani?

Mwina wina aseka nati, "Kupita ku yunivesiti kukaphunzira dothi? Agogo anga alidziwa dothi popanda cikalata." Tisafulumire. Munthu wa maphunziro awa amaphunzira kuyeza mvula ndi kudziwa kumene imapita ikagwa. Amaphunzira mmene madzi amayendera pansi pa nthaka, kuti mjigo ukumbidwe pamalo oyenera ndiponso kuti cimbudzi cisayandikire citsime. Amaphunzira kuwerenga mapu ndi zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba, kuyeza conde ca nthaka, kukonza madamu ndi ulimi wothirira, komanso malamulo a malo ndi madzi. Kawirikawiri digiri yotere imatenga zaka ziwiri, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo munthu amacita kafukufuku wake ndi kulemba buku la zimene wapeza.

Ku University of Zambia ku Lusaka kuli malo ophunzitsira za kasamalidwe ka madzi pansi pa School of Mines, ndipo za nthaka zimaphunzitsidwa ku sukulu ya zaulimi. Mayunivesiti a m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa anagwirizana m'bungwe la WaterNet, ndipo kudzera mwa ilo ophunzira ambiri atengera Masters ku University of Zimbabwe ndi ku University of Dar es Salaam. Ena amapeza mwai wopita ku Netherlands, ku sukulu ya IHE Delft. Sukulu imeneyi inayamba mu 1957, patapita zaka zinai kucokera pamene madzi a m'nyanja anasefukira m'dzikolo mu 1953 ndi kupha anthu oposa 1,800. Onani kuti anthu aja sanayambe kuphunzira za madzi mwakhama cifukwa cofuna maina aulemu. Anali ataika maliro ambiri.

Cifukwa cake tiyenera kusamala

Tiyeni ticite masamu pang'ono. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, ndiye kuti pagwa malita 10,000. Tsono ngati caka cina mvula ifika mamilimita 800, munda wa hekitala imodzi walandira malita 8 miliyoni. Zimenezo ndi zigubu za malita 20 zokwana 400,000, pa munda umodzi wokha! Nanga bwanji pofika October amai athu amadzuka mbandakuca kukadikira madzi pa citsime cimene cikuphwa? Yankho lake ndi lakuti madziwo sitinawasunge. Pamene mitengo yatha ndi nkhwangwa, ndipo mapesi tatentha, mvula silowa pansi. Imathamanga pamwamba, itasenza nthaka yacondeyo, kupita kumtsinje. Nthaka imene inatenga zaka mazana ambiri kuti ipangike ingathe kukokoloka m'nyengo zocepa cabe. Mcenga ndi matope zimakadzaza damu, ndipo damu limene kale linkasunga madzi caka conse limayamba kuuma msanga.

Bvutoli silithera kwa Mphamba. Mtsinje wa Lundazi umatsikira m'cigwa n'kukathira mu Luangwa, Luangwa amakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amadutsa ku Tete mpaka kukafika kunyanja yamcere ku Mozambique. Cimene ticita ndi khasu ndi nkhwangwa kuno kumtunda cimamveka kwa anthu amene sitidzaonana nao m'moyo uno.

Akulu athu amakumbukira cilala ca 1992. Ife taona ndi maso athu ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, pakuti pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi anali ataonongeka. Madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Dziko lotere lifunika anthu odziwa za nthaka ndi madzi, monga mmene lifunira madokotala. Conco ngati muli ndi mphatso ya masamu ndi sayansi, musacite manyazi kulakalaka maphunziro awa. Funso lathu ndi la cimene mudzacite nao.

"Ndinabvutika ndekha"

Timve kaye mbali ya iye amene amati maphunziro ndi cuma cake. Iye amati, "Pamene ndinali kuwerenga usiku ndi koloboyi, anzanga anali m'tulo. Pamene ndinali kugona ndi njala ku Lusaka, palibe wa kumudzi amene anandifunsa. Mayeso ndinalemba ndekha. Lero ndapeza nchito ya malipiro abwino, mufuna kundiuza kuti ndili ndi ngongole?"

Mau amenewa tisawataye. Muli coonadi mkati mwake. Palibe cimo pa kulandira malipiro abwino, kumanga nyumba ya malata, kapena kuphunzitsa ana ako pa sukulu yabwino. Wanchito ayenera kudya za thukuta lake. Ndiponso tonse tidziwa abale ena amene amaona wophunzira ngati nkhokwe yosatha, namusenzetsa katundu mpaka kumuthyola msana. Zimenezo si cilungamo.

Koma tiyeni tiwerenge bwino amene analipira. Alipo amai amene anagulitsa nshawa ndi mbuzi kuti fizi ipezeke. Alipo mlongo amene anasiyira sukulu pa njira cifukwa ndalama sizikanakwanira onse awiri. Yunivesiti ya boma imayenda ndi misonkho, ndipo msonkho amapereka ngakhale mlimi pamene agula sopo ndi mafuta ophikira. Amene amapereka thandizo la maphunziro kunja nao amapereka poyembekezera kuti dziko la wophunzirayo lidzapindula.

Palinso ngongole ina imene siichulidwa kawirikawiri. Kodi kafukufuku wa digiri yaciwiri amacokera kuti? Wophunzira amabwera m'mudzi ndi mapepala a mafunso. Amakhazika pansi alimi, nawafunsa matumba amene anakolola, nthawi imene citsime cimaphwa, ndi mitengo imene inalipo kale. Amatenga dothi la m'minda yao ndi madzi a m'zitsime zao m'mabotolo. Alimi amasiya nchito, namupatsa mpando, mwina n'kumuphikira nsima ya nkhuku. Iye amabwerera kutauni, nalemba buku lake m'Cingerezi, nabvala mkanjo wa ulemu. Nanga alimi aja anauzidwa zimene zinapezeka? Ngati madzi a m'citsime anapezeka ndi tizilombo, kodi amai amene amatunga pamenepo anamva? Munthu amene watenga nzeru m'mudzi osabweza kanthu ali ngati wobwereka khasu amene wasamuka nalo.

Kodi tsono onse abwerere kumudzi?

Iai, sindikunena zimenezo. Kuno kwa Mphamba kulibe maofesi okwanira kulemba nchito onse a Masters, ndipo zigamulo zambiri zokhudza mitsinje yathu zimapangidwa ku Chipata ndi ku Lusaka. Tifuna ana athu akhale m'zipinda zimenezo. Ngongole imene ndikunena silipidwa ndi malo amene munthu agona. Imalipidwa pa tsiku limene pepala lafika pa tebulo lake kuti asaine.

Ndifotokoze. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a mu Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Limalolanso kuti malo a mwambo, amene ali pansi pa mafumu, asandulike a cikalata ca zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo akabvomereza. Malo akatuluka conco m'manja mwa mwambo, kubwereranso n'kobvuta. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, limene limapereka zilolezo kwa ofuna kugwiritsa nchito madzi ambiri pa malonda, ndipo kuyambira 2018 mijigo iyenera kulembetsedwa. Zonsezi zimayenda ndi mapepala: mapu, malipoti, miyeso. Ndipo pansi pa pepala lililonse pali dzina la munthu wophunzira.

Yerekezani kuti ndinu. Munthu wa ndalama afuna malo aakulu, ndipo pakati pa malowo pali dambo limene midzi itatu imamwetsako ng'ombe ndi kulimako madimba. Iye ndiye akukulipirani kuti mulembe lipoti. Safuna kuti muname poyera. Angofuna kuti dambolo musalichule kwambiri, ndi kuti polemba za anthu okhala pamenepo mungoti ndi mabanja owerengeka. Mukakana, nchito ipita kwa wina, ndipo kunyumba ana akudikira fizi. Anthu a m'midzi ija sadzaliwerenga lipotilo. Palibe amene adzakugwireni. Kodi mudzalemba ciani?

Kumbukirani nkhani ya munda wa Naboti pa 1 Mafumu 21. Mundawo sunalandidwe ndi gulu la nkhondo. Unalandidwa ndi makalata olembedwa m'dzina la mfumu ndi kudindidwa cidindo cake, ndipo akulu ndi omveka a mumzinda, anthu odziwa malamulo, anacita monga momwe makalatawo ananenera. Aliyense wa iwo akanatha kunena kuti, "Ine ndinangotsatira zimene zinalembedwa." Koma Naboti anafa.

Masiku athu ano tili ndi cenjezo la pa Kafue. Mu February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Madamu otere amakonzedwa, kuyezedwa ndi kuyang'aniridwa ndi anthu a masukulu apamwamba. Koma akagumuka, woyamba kulira ndi msodzi ndi mlimi wa dimba amene sanaonepo khomo la yunivesiti. Apa ndipo pagona kulemera kwa maphunziro awa: wophunzira amasaina, koma zotsatira zake amasenza ndi wina.

Pamene coonadi cipweteka a kwanu

Musaganize kuti ciyeso cimacokera kwa olemera okha. Cina cimacokera kwathu komwe, ndipo ndi cowawa koposa. Tinene kuti mwabwera pa cuti ndi digiri yanu. Mupeza kuti amalume anu, amene anakulipirirani fizi ya Giredi 12, alima dimba lao mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, atadula mitengo ndi bango zimene zinkagwira gombe. Msuweni wanu akuotcha makala kumutu kwa kamtsinje. Inu mudziwa bwino cimene cidzacitike pa zaka zisanu kapena khumi. Mudziwanso kuti tomato wa m'dimbamo ndi matumba a makalawo ndiwo akudyetsa ana.

Kukhala cete n'kosabvuta, ndipo anthu adzakuyamikani kuti sukulu sinakuonongeni. Kuwadzudzula ndi Cingerezi pakamwa n'kosabvutanso, ndipo mudzabwerera kutauni mukudziona wolungama. Njira zonse ziwirizi ndi zothawa. Njira yobvuta ndiyo kukhala pansi ndi amalume mwaulemu, kuwafotokozera m'cilankhulo cao cimene cikudza, ndi kufunafuna nao pamodzi njira ina yopezera ndalama yomweyo. Kuuza munthu wanjala kuti asiye osamuonetsa cogwira ndi nkhanza, ngakhale zonenazo zili zoona.

Kuno ku Lundazi tili ndi citsanzo. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 motsogozedwa ndi Dale Lewis, silinangouza anthu kuti aleke kupha nyama ndi kudula mitengo. Linawaphunzitsa ulimi wosunga conde, kubzala mitengo ya gliricidia m'minda ndi kuweta njuci, ndipo linayamba kugula zokolola zao ndi kuzigulitsa pa dzina la It's Wild! Pamenepo ambiri anapereka mfuti ndi misampha yao. Sindinena kuti zonse zinayenda popanda bvuto, koma phunziro lake ndi loonekera: cidziwitso cimagwira nchito pamene cakumana ndi mphika wa munthu.

Wophunzira akhalenso wofunsa

Pali msampha wina, ndiwo kunyada. Akulu anati safunsa anadya phula. Makolo athu ankasiya mtengo wa msangu m'munda kalekale, podziwa kuti umagwetsa masamba nthawi ya mvula, sucinga dzuwa pa mbeu, ndipo cimanga ca pansi pake cimakula bwino. Asayansi anadza pambuyo kudzafotokoza cifukwa cake. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ofufuza anayamba ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezera conde monga jerejere, ndipo nchitoyo inafalikira pamene alimi eni ake anayamba kuyesa m'minda yao ndi kuphunzitsana.

Mu 1992 akatswiri a madzi ocokera m'maiko ambiri anakumana ku Dublin, ndipo mwa mfundo zinai zimene anagwirizana, imodzi inali yakuti amai ndiwo ali pakati pa nchito yotunga, kusunga ndi kusamala madzi. Ife a kumudzi sitinafunikire msonkhano kuti tidziwe zimenezo. Mai amene watunga pa citsime cimodzi zaka 30 adziwa mwezi umene madzi amasintha kukoma, ndi caka cimene anayamba kucepa. Katswiri amene afika ndi galimoto, nalankhula ndi amuna okhaokha pansi pa mtengo, nacoka dzuwa lisanapendeke, wasiya theka la cidziwitso pambuyo.

Yankho langa

Tsono kodi maphunziro awa ndi cuma kapena ngongole? Ine nditi malipiro ndi anu, idyani mokondwa ndi kuthandiza abale monga mungathere. Koma cidziwitsoco mwangosungitsidwa. Nthaka ndi madzi sitinazipange ndife, tinazipeza, ndipo ana a ana athu adzazifuna. Amene waphunzira za izo koposa anzake ali ngati kapitao amene wapatsidwa makiyi a nkhokwe ya mudzi wonse. Makiyi ali m'thumba mwake, koma cimanga si cake.

Inu amene mukukonzekera digiri yaciwiri, nazi zinthu zitatu zimene mungalonjeze musanakwere basi. Coyamba, sankhani kafukufuku amene ayankha funso limene anthu akufunsadi, monga cifukwa cake mjigo wina umauma, kapena mmene damu lingatetezedwere ku matope. Caciwiri, mukatsiriza, bwererani kwa anthu amene munawafunsa, mupemphe mfumu iitane msonkhano, muwauze zimene munapeza m'Citumbuka kapena m'Cinyanja. Cacitatu, tsimikizani mtima lero, pamene palibe amene akukunyengererani, kuti dzina lanu silidzakhala pansi pa lipoti lobisa coonadi. Munthu amene ayamba kuganiza za cikumbumtima envelopu ili kale pa tebulo wacedwa.

Inu amene simudzafika ku yunivesiti, musadzione ngati oonerera. Wophunzira amafooka msanga akakhala yekha. Mulembereni, muuzeni za citsime ca kwanu, mufunseni mafunso obvuta akabwera pa cuti, ndipo akataya nchito cifukwa cokana cinyengo musamuseke kuti ndi wopusa. Gulu lanu lingathenso kuyamba lokha: kuyeza ngati zimbudzi zili pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposa kucokera ku zitsime, kufesa mitengo pa nazale ya mpingo, ndi kuleka kutentha mapesi m'minda ya makolo anu.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi m'mudzi mwanu munabwerapo anthu ocita kafukufuku? Kodi munauzidwa zimene anapeza? Mukadzaona ena, mudzawapempha ciani asanayambe?

2. Mnzanu wauzidwa kusaina lipoti limene adziwa kuti labisa zina, ndipo akakana nchito itha. Ali ndi ana awiri ndi amai odwala. Mudzamulangiza bwanji, ndipo gulu lanu lingamuthandize motani akakana?

3. Kodi ndi mtsinje uti kapena dambo liti kwanu limene akulu amati kale silinali kuuma? Pitani mukafunse agogo awiri, mulembe zimene anena, mudzawerengere anzanu pa msonkhano wotsatira.